Utsi wa sitima pa Luchenza: musanagule makina, gulani kaye kope

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a sayansi, pasukulu ina ya m'mbali mwa njanji chakufupi ndi Luchenza. Ndaifupikitsa:

"Mayi anga akhala akugulitsa nthochi ndi zitumbuwa pasiteshoni kuyambira ndili mwana. Tsiku limene sitima yafika n'kuima nthawi yaitali injini ikulira, amabwera kunyumba akutsokomola, ndipo akamina mumatuluka zakuda. Iwo amati n'chimfine chabe. Ine ndikukayikira utsi. Kodi ine ndi ana a kalabu ya zachilengedwe tingayeze mpweyawu popanda ndalama zambiri? Nanga tikapeza kuti ndi woipa, tikagogode pakhomo pa yani?"

Aphunzitsi, choyamba sichikhudza sitima n'komwe. Ngati chifuwa cha amayi chapitirira masabata awiri, apite kuchipatala akayezetse makhololo. Utsi ukhoza kukhala wolakwa, koma TB nayo imayamba chimodzimodzi, ndipo siidikira kuti inu mumalize kafukufuku.

Tsopano za utsi. Kukayikira kwanu kuli ndi maziko. Sitima zonse za kuno zimayendera dizilo, ndipo mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. Zakuda zimene amayi amamina zija ndi mwaye umene mphuno yakwanitsa kugwira. Chodetsa nkhawa ndi chimene mphuno yaphonya: tifumbi tating'onong'ono totchedwa PM2.5, timene mukatindandalitsa 30 m'pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timeneti timatsika mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Mu utsi womwewo mulinso mpweya wa NO2, umene umakanda kukhosi ndi kudzutsa mphumu. Ndiye pali fumbi lina limene anthu saliganizira, lachitsulo. Mabuleki akagwira, mateyala achitsulo akamakhula njanji, pamanyenyeka tizitsulo. M'masiteshoni a pansi pa nthaka ku London, komwe sitima zake n'zamagetsi ndipo kulibe dizilo, fumbi lambiri limene anthu amapuma ndi lachitsulo lomweli.

Koma ndikuchenjezeni msanga: nkhani zambiri za mpweya wa m'masiteshoni zimene mungawerenge pa intaneti zinalembedwa poganizira malo otsekeka. Siteshoni ya Birmingham New Street ku England inatchuka ndi mpweya woipa chifukwa sitima za dizilo zimaima pansi pa denga la konkire, utsi n'kusowa kothawira, mpaka anachita kudalira mafani akuluakulu. Pa Luchenza denga lake ndi thambo. Komanso njanji yathuyi ndi nkhalamba yodwaladwala. Inamangidwa ndi kampani ya Shire Highlands Railway kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Madzi anaidula pa Chiromo mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo mvula ikakwiya imalumako pena. Sitima ya kuno imabwera mwa apo ndi apo, nthawi zina n'kusowa kwa miyezi kapena zaka. Si zofanana ndi anzathu a ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, amene sitima zazitali za malasha a ku Moatize zimawadutsa popita ku Nacala, iwo n'kumalimbananso ndi fumbi la malasha.

N'chifukwa chiyani ndikukumbutsa zimenezi? Chifukwa zikusintha kayezedwe konse. Malire amene WHO inaika mu 2021 amati PM2.5 isapitirire mamayikulogalamu (tizigawo ting'onoting'ono ta galamu) 15 pa tsiku, ndi 5 pa chaka, mu mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse. NO2 isapitirire 25 pa tsiku. Koma manambala amenewa ndi a pakatikati, mutasakaniza maola onse 24. Sitima ikafuka ola limodzi, maola 23 otsalawo kuli zii, nambala ya tsikulo imatuluka yofatsa ngati palibe chachitika. Zili ngati kuthira supuni ya tsabola mumphika wa ndiwo za pamaliro: wolawa msuzi anena kuti zili bwino, koma amene tsabolayo anamugwera m'diso ali ndi nkhani ina. Amayi anu ndi amene wawagwera m'diso. Choncho musayeze "mpweya wa pa Luchenza". Yezani mpweya wa pamalo pomwe amayala chiguduli chawo, pa msinkhu wa mphuno ya munthu wokhala pansi, pa ola limene injini yaima.

Apa m'pamene kope likulowera. Ana awiri akhale ndi wotchi kapena foni, alembe: sitima yafika nthawi yanji, mutu wake waima pati, injini yalira mphindi zingati isanazimitsidwe kapena kunyamuka, mphepo ikuwomba kuchokera kuti. Za mphepo musavutike, kansalu pa nsungwi n'kokwanira. M'miyezi yozizira mwera umachokera chakummwera chakuvuma, ndiye amene wakhala kumpoto chakumadzulo kwa injini ndi amene akudya utsi. Alembenso kuda kwa utsiwo. Pali tchati chakalekale cha Ringelmann, chimene chimagawa utsi kuyambira 0, wosaoneka, mpaka 5, wakuda bii. Chimapezeka pa intaneti, mungachisindikize pa pepala limodzi. Injini yosamalidwa bwino imatulutsa chiutsi pongonyamuka, kenako n'kuyera. Ikamafuka chakuda itangoima, kapena chabuluu chonunkha oyilo, ndiye kuti ikudwala.

Chachiwiri n'chimene ana amachikonda. Dulani makatoni oyera ofanana kukula, muwapake Vaseline mopyapyala, muwakhome pamitengo pansi pa kachidenga koteteza mvula. Limodzi pomwe amakhala amayi, lina patsidya pa njanji, lina m'mbali mwa msewu wa tala momwe mumadutsa malole ndi maminibasi, lina pafupi ndi chiwaya cha tchipisi, lomaliza kusukulu kwanu kutali ndi zonsezi. Pakatha sabata muwaike pamodzi pa tebulo. Ine nditayesa zimenezi ndi mphwanga, tinachotsa maginito pa sipika ya wailesi yakufa, n'kuikulunga m'kapepala ka shuga, n'kuiyendetsa pa fumbi limene tinasesa pa zenera la nyumba yoyandikana ndi njanji. Tizitsulo tinaimirira pa pulasitikipo ngati ubweya wa mphaka wokwiya. Mphwangayo anakuwa ngati wagoletsa chigoli. Kenako tinayesa dothi la kumunda, ndipo nalonso linakakamira pang'ono, pakuti dothi lofiira la kwathu kuno lili ndi chitsulo chakechake. M'pake kukhala ndi katoni ya kutali ija: popanda poyerekezera, mupachika sitima mlandu wa katondo.

Makatoniwa amagwira fumbi lokulirapo lokha. PM2.5 imafuna makina. Alipo otsika mtengo, monga a PurpleAir ndi AirGradient, ndipo ku Uganda a yunivesite ya Makerere amapanga awoawo pansi pa ntchito ya AirQo, opangidwira fumbi ndi kuthimathima kwa magetsi kwa kuno kwathu. Onsewa amagwira ntchito mofanana: kafani kamakoka mpweya, kuwala kwa leza kumawomba tifumbi, makina n'kuwerenga. Ndiye pali msampha umene uli wa ife a Thyolo ndi Mulanje makamaka. Chiperoni. Mpweya ukanyowa, tifumbi timamwa madzi n'kutupa, ndipo timadontho ta nkhungu nato timawerengedwa ngati utsi. Ine ndinabwerekapo makina oterewa mu Julaye wina, m'mawa nkhungu itakuta minda ya tiyi. Manambala anakwera mochititsa mantha, pomwe panalibe ngakhale njinga yamoto yodutsa. Dzuwa litatuluka anatsika okha. Mukanakhala inu, n'kuthamanga nawo manambala amenewo kwa akuluakulu, akanakusekani. Choncho m'kope muja muzilembanso ngati kunali nkhungu kapena mvula yowaza, ndipo masiku amenewo muwaike pambali.

Ndisanene kuti mugule. Yunivesite ya MUST ili ku Ndata konkuno ku Thyolo, ndipo ya MUBAS ili pa Blantyre pomwepa. Ophunzira a chaka chomaliza amasakasaka mitu ya kafukufuku. Kalata yochokera kwa mphunzitsi amene ali kale ndi kope la miyezi iwiri, ana odzipereka ndi malo oika makina, ndi mphatso kwa iwo. Afunseninso za timachubu toyezera NO2. Ndi tapulasitiki, totalika ngati chala, timapachikidwa pamtengo masabata awiri kapena anayi, kenako n'kupita ku labu. Sitifuna magetsi. Vuto lake ndi lomwe lija la tsabola: timapereka nambala imodzi ya nthawi yonseyo, ndiye n'tothandiza poyerekeza malo ndi malo, osati ola ndi ola.

Tsopano ndinene chimene mwina simukufuna kumva. Ndikukhulupirira kuti mukayeza moona mtima, sitima situluka yoyamba pa mndandanda wa zimene amayi amapuma pa sabata. Zitumbuwa zija amakazinga kuti? Ngati ndi m'khitchini ya mafuwa atatu, yopanda zenera, m'bandakucha, ndiye kuti utsi wa maola awiri amenewo tsiku ndi tsiku ukhoza kuposa wa injini yobwera kamodzi pa sabata. Yang'anani kudenga la khitchiniyo, mwaye wolendewera uja. Onjezani zinyalala ndi majumbo zotenthedwa kuseri kwa msika, mauvuni a njerwa ndi moto wa osaka mbewa mu Seputembala ndi Okutobala, ndi malole okwera mtunda atasenza. M'mawa wa Juni, kukazizira, utsi wonsewu sukwera kumwamba, umagona m'zigwa ngati bulangete mpaka dzuwa liutenthe. Sindikuikira kumbuyo sitima. Ndikungoti mukapita kukadandaula mutanyamula mlandu wa utsi wonse wa m'tauni, adzakubwezani ndi funso limodzi. Mukapita ndi mlandu wake weniweni, wochepa koma wolembedwa, adzasowa pothawira.

Ndipo mlandu wake weniweni ndi kuima ikulira. Sitima yodutsa imasiya utsi wa mphindi imodzi, mphepo n'kuumwaza. Yoima imathira pamalo amodzi, pomwe pali anthu ambiri, pakuti anthu amathamangira pomwe sitima yaima. Madalaivala sachita izi mwankhanza. Mabuleki a sitima amayendera mpweya wopopedwa ndi injini, ndipo ikazima nthawi yaitali mpweyawo umaphwa, kuudzazanso kumadya nthawi. Mabatire akakhala otopa, dalaivala amaopa kuti akazimitsa siidzukanso, ndipo palibe angaikankhe ngati minibasi. Koma zonsezi zili ndi mankhwala. Kuli zipangizo zimene zimazimitsa injini yokha ikaima, n'kuidzutsa mpweya wa mabuleki kapena moto wa mabatire ukatsika. Kuli kukonza mapampu a mafuta ndi kusintha zosefera. Ndipo kuli chinthu chosafuna ndi tambala yomwe: mutu wa sitima uziima patsogolo pang'ono, kupitirira pomwe pali ogulitsa, mabogi okha n'kutsala pamalo okwerera. Mamita makumi angapo pabwalo amasintha zambiri.

Polemba kalata yopita ku kampani yoyendetsa sitima, musayambe ndi mapapo. Yambani ndi dizilo. Injini yaikulu ikangoima n'kumalira imamwa malita oposa 10 pa ola, mafuta ogulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lino limasowa. Kope lanu likasonyeza maola amene injini inalira pachabe pa mwezi, mwawawerengera ndalama zimene akutaya, ndipo bwana aliyense amamva chilankhulo chimenecho. Kalatayo idzere kwa woyang'anira siteshoni, ina ipite ku khonsolo ya Luchenza ndi kwa woona za chilengedwe paboma. Pamwamba pa onsewa pali MEPA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Musaiwale komiti ya pamsika. Amayi khumi atavala zitenje zawo pakhomo la ofesi amamveka kuposa mphunzitsi mmodzi wonyamula fayilo.

Ena mu kalabu mwanu adzafunsa za sitima zamagetsi, poti Tanzania inayamba kuyendetsa yake kuchokera ku Dar es Salaam kupita ku Dodoma mu 2024. N'zokoma kuzimva. Koma ife amene tinakhala mumdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu 2022, tisanamizane kuti mawaya afika pa Sandama posachedwa. Ndipo ndisamveke ngati ndikuithamangitsa sitima. Ngolo imodzi ya sitima imanyamula katundu wa thiraki yathunthu kapena kuposa, ndiye sitima imodzi ikaleka kuyenda, utsi wake umabwerera kudzera pamsewu utachulukitsidwa. Akuluakulu a ku Thekerani amakumbukira mmene mikoko ya nthochi inkadzazira mabogi, chisaka chisanapulule minda. Palibe wa iwo amene angakuuzeni kuti sitima ichoke.

Za amayi pakadali pano: injini ikaima, asunthire mbali imene mphepo ikuchokera, ngakhale kasitomala mmodzi kapena awiri awaphonye. Zitumbuwa azivundikira. Mpango wa pamphuno umagwira mwaye waukulu wokha. Masiki ya N95 imagwira tifumbi tija ikakhala yothina bwino, koma NO2 imadutsabe. Kunyumba, akazingire pabwalo kapena pakhonde, ndipo ngati n'kotheka pa chitetezo mbaula ndi nkhuni zouma.

Ndikudziwa kuti kuwasuntha pamalo pomwe akhala zaka zonsezi si masewera, poti pamsika malo ndi munda. Muwatenge tsiku loika makatoni, akhome okha katoni ya pamalo pawo ndi ina ya m'khitchini mwawo, ndipo pakatha sabata akaichotse okha. Mukanditumizira zithunzi zake, mundiuzenso kuti chiwaya cha tchipisi chili mbali iti ya pomwe amakhala.