Ndine woyembekezera, kodi boma lindithandizapo chiyani?

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Ali ndi pakati pa miyezi iwiri, mimba yoyamba, ndipo amagwira ntchito m'shopu. Akufunsa ngati boma limapereka ndalama ya mwana ngati mmene amamvera za ku Joni. Akuopanso kuti abwana akadziwa, ntchito ithera pomwepo.

Achemwali, za ndalama ndisakubisireni: kuno kwathu boma silipereka ndalama kwa mayi aliyense chifukwa choti ndi woyembekezera. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ndi wa mabanja ovutikitsitsa, makamaka opanda munthu wa mphamvu zogwirira ntchito. Inu poti muli pantchito, musaikepo mtima.

Chimene chilipo ndi sikelo, ndipo m'zipatala za boma ndi yaulere. Pitani mwezi uno, musadikire kuti mimba ioneke. Ndikudziwa kuti akuluakulu amati mimba ikadali yaing'ono sitiulula, koma namwino sakaulutsa m'mudzi. Kumeneko akakuyezani BP, magazi, HIV ndi chindoko, akakupatsani neti, mapiritsi owonjezera magazi ndi katemera wa kafumbata. Ikadutsa miyezi itatu mudzayamba kumwa SP, woteteza ku malungo. Mayi akapezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo, njira imene Malawi anaiyamba mu 2011, ndipo yapulumutsa ana ambiri kuti asatengere kachilombo. Chonde pitani ndi bambo a kunyumba, nawonso akayezetse.

Za kuntchito ndi zimene zimandipweteka mtima, chifukwa atsikana ambiri a m'mashopu ndi a ntchito za m'nyumba amangouzidwa kuti "kapumeni", osaitanidwanso. Lamulo la Employment Act likuti mayi ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata 8, malipiro onse akulandira, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo akabwerako ntchito yake aipeze. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu. Kuyambira 2021 abambo nawonso ali ndi masabata 2. Abwana anu auzeni kudzera m'kalata, kope ina musunge. Akayamba kuvuta, pitani ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu muli ndi kalatayo komanso buku la kusikelo.

Mwezi wa 8 usanakwane chikwama chikhale chokonzeka: zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, lumo latsopano, pepala lapulasitiki loyala pabedi, ndi ndalama ya transipoti yoti isakhudzidwe ngakhale ndiwo zitasowa.

Mukachira, musatuluke m'chipatala musanalembetse mwana. Fomu yake ndi NR8, ya National Registration Bureau, ndipo ndi imene imabweretsa chiphaso cha kubadwa. Onetsetsani kuti dzina la mwana ndi lanu alemba molondola, chifukwa kukonzetsa pambuyo pake kumatenga nthawi. Katemera wa BCG, woteteza ku TB, ndi wa poliyo mwana amalandira akangobadwa, kenako mudzabwerera naye kusikelo ya ana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14.