Zatsopano pa saluni n'ziti?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera pa imelo kuti: "Ndili ndi saluni, ndipo aliyense akuti bizinesi imafuna zatsopano. Koma ine sindipanga katundu, ndimangokonza tsitsi. Ndigule dilaya ina?"

Mayi, dilayayo muyambe mwaisiya. Pa bizinesi yotumikira anthu zatsopano zimabwera m'njira zingapo, ndipo zambiri sizifuna makina.

Yophweka ndi kuwonjezera ntchito, monga kukonza zikhadabo. Imathandiza, koma mwezi wamawa saluni yoyandikana nanu idzayambanso.

Ina ndi kusintha mmene ntchito imamufikira kasitomala. Kampani ya mafoni ya Safaricom itayambitsa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, ku Kenya mu 2007, kutumiza ndalama kumudzi sikunali kwachilendo, anthu ankapatsira madalaivala a mabasi. Chinasintha n'chakuti foni ndi ajenti wa pagolosale zinalowa m'malo mwa basiyo. Inunso mukhoza kumakakonza mkwatibwi kwawo mbandakucha wa tsiku la ukwati. Kalipiridwe nakonso kamasinthika. Magetsi a ESCOM ndi omwe aja, koma lero timagula mayunitsi tisanayatse. Bwanji kasitomala alipiretu pa Mpamba kapena Airtel Money akalandira malipiro, n'kumabwera kudzatsukitsa tsitsi mwezi wonse?

Koma imene ndikuikonda kwambiri ndi ya kagwiridwe ka ntchito mkati, chifukwa mnzanu sangaikopere pongosuzumira pawindo. Mu 1948, Richard ndi Maurice McDonald a ku San Bernardino, ku America, anachepetsa zakudya za m'lesitilanti yawo, ndipo aliyense kukhitchini anapatsidwa ntchito imodzi yokha. Chakudya chinayamba kutuluka msanga, mtengo n'kutsika. Chipatala cha maso cha Aravind ku Madurai, India, chimachita zofanana: dokotala akamachotsa ng'ala pa tebulo lina, anamwino amakhala akukonzekeretsa wodwala wotsatira pa tebulo lachiwiri.

Tsono yang'anani saluni yanu Loweruka m'mawa. Amayi anayi ali pa benchi, wina wamasula mutu theka, inu mwasiya kuluka kuti mugawe meshi, madzi otentha atha. Zimandipweteka kuona kasitomala akunyamuka mwakachetechete atadikira maola awiri, chifukwa ameneyo sadandaula, amangosiya kubwera. Meshi agawidwe Lachisanu madzulo. Mtsikana mmodzi azimasula ndi kutsuka basi, manja anu akhale oluka okha, ndipo aliyense apatsidwe nthawi yake pa WhatsApp.

Yesani zimenezi mwezi umodzi, muzilemba m'kope mitu imene mwamaliza Loweruka lililonse. Mukaona kuti anthu akudikirabe pa dilaya, pamenepo kaguleni ina.