Funsani Akonzi: Nkhani Yokondera Mungaizindikire Bwanji?

Funso: Akonzi, nyuzipepala ziwiri zalemba za msonkhano umodzi wa ndale. Ina yati nduna "yavomera" kuti katundu wakwera mtengo, inzake yati nduna "yafotokoza" zomwe zachititsa. Wanama ndani?

Yankho: Mwina palibe amene wanama, koma mawu amene mtolankhani wasankha amaulula kumene mtima wake uli. "Yavomera" akusonyeza kuti ndunayo imabisa kanthu ndipo yapanikizidwa. "Yafotokoza" akuipatsa ulemu. Mawu osakondera ndi "yati" basi. Tengani cholembera, dulani mzere kunsi kwa mawu onse otere, muone ngati a chipani china nthawi zonse "amati" pamene anzawo "amalalata" kapena "amadzitama".

Kenako werengani anthu amene apatsidwa mpata wolankhula. Atatu akakhala a mbali imodzi, wa mbali inayo n'kuponyedwa m'ndime yomaliza kumene owerenga ambiri safika, nkhaniyo yapendekeka ngakhale chiganizo chilichonse chili choona. Chenjerani ndi mawu oti "anthu ambiri akuti". Ambiri angati, ndipo anawawerenga ndani?

Msampha wina ndi wakuti chimene chabwera pambuyo chachititsidwa ndi chimene chinatsogola. "Boma latsopano litangolowa, mitengo inakwera." Fufuzani ngati kukwerako kunayamba kale chisankho chisanachitike, komanso ngati mayiko ena akulira chimodzimodzi. Manambala nawo amapusitsa: milandu ikachoka pa 2 kufika pa 4, mutu wa nkhani umafuula kuti yakwera ndi 100 peresenti, pamene yangowonjezekera iwiri.

Funso: Kafukufuku wina akuti wopikisana wina ali ndi 46 peresenti, mnzake 44. Ndiye kuti woyambayo wapambana kale?

Yankho: Ayi ndithu. Akafunsa anthu 1,000 osankhidwa mwachisawawa, zotsatira zimatha kuphonya ndi mapointi atatu, kukwera kapena kutsika. Apa awiriwa ali pafupifupi pamodzi, ndipo nyuzipepala yolemba kuti wina "wamusiya m'mbuyo" mnzake yakokomeza.

Chachikulu ndi mmene anthuwo anasankhidwira, osati kuchuluka kwawo. Mu 1936 magazini ya ku America ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni ndipo inalosera kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt pa chisankho cha pulezidenti wa dzikolo. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Mayina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi m'ndandanda wa eni magalimoto, anthu opezako bwino panthawiyo, ndipo ambiri mwa amene anatumiziridwa mafunso sanayankhe n'komwe. Mavoti a pa Facebook ali ndi vuto lomweli, chifukwa amene amavota ndi okhawo amene amatsatira tsambalo. Musanakhulupirire kafukufuku, onani amene anaulipirira, tsiku limene unachitika ndi mmene funso linafunsidwira.