Agogo akamati "ndatsala ndine", musawatseke pakamwa

Mwandilembera muli ku Lilongwe kuti agogo anu a ku Nkhotakota sakugona bwino chimwalirireni mnzawo amene ankayenda naye ku Chigwirizano. Usiku amadzutsa mdzukulu kuti ayatse tochi, ndipo masana nkhani ndi imodzi: "Anzanga onse atha, ndatsala ndine." Inu mumawayankha kuti asamalankhule choncho, ndi malodza. Mukufunsa ngati uphungu wotchedwa narrative therapy, wothandiza munthu kudzera m'kufotokoza nkhani ya moyo wake, ungawathandize.

Ungawathandize, achemwali, ndipo zina mungaziyambe nokha. Koma choyamba siyani kuwaletsa. Mukawaletsa, mantha aja sachoka. Amangokagona nawo okha pamphasa.

Njirayi anaiyambitsa ndi Michael White wa ku Australia ndi David Epston wa ku New Zealand m'zaka za m'ma 1980. Mfundo yawo ndi yakuti munthu ndi wina, vuto ndi lina. Choncho simunena kuti agogo ndi amantha. Mumafunsa za manthawo ngati mlendo amene amangofika osaodira: "Agogo, manthawa amakonda kubwera nthawi yanji? Akabwera amakuuzani zotani? Ndi liti pamene anabwera inu n'kuwakanira?" Funso lomalizali ndilo ndimalikonda, chifukwa limatulutsa mbiri ina imene mantha aikwirira. Agogo anuwo anadutsa njala ya 2002, analima mpunga kudambo, ndipo mwina analera ana amasiye pa nthawi imene Edzi inkapulula anthu. Afunseni kuti anapirira bwanji, ndipo anawaphunzitsa ndani. Musafulumire kuwayamikira, funsaninso, adzimve okha akunena.

Palinso njira ina ya uphungu womwewu yotchedwa Tree of Life (Mtengo wa Moyo), imene Ncazelo Ncube wa ku Zimbabwe anaikonza pamodzi ndi David Denborough mu 2006. Poyamba inali ya ana, koma akuluakulu amaigwiritsanso ntchito. Mumajambula mtengo: mizu ndi kumene munthu anachokera, thunthu ndi luso lake, nthambi ndi zimene akuyembekezera, masamba ndi anthu ake, amoyo ndi omwalira omwe, zipatso ndi zimene ena anamupatsa. Ngati agogo salemba, lembani ndinu, iwo azinena. Mnzawo womwalira uja akhale pa tsamba lake. Afunseni agogo kuti mnzawoyo akanakhalapo lero akananena chiyani za iwo. Akalira, asiyeni alire.

Mukamamvetsera mudzaona kuti mwina chimene akuopa si manda. Amayi ambiri okalamba amaopa kudwala popanda wowatembenuza, kapena kuti munda udzalandidwa iwo akadzapita. Ena amaopa chinthu chimene chimandiwawa kwambiri: maliro akachuluka m'mudzi, chala chimaloza nkhalamba yotsala kuti ndi mfiti. Ngati ndi zimenezo, kucheza kokha sikukwanira. Itanani mwinimbumba, za munda zikambidwe pamaso pa amfumu, ndipo ngati wina akuwaopseza, kauzeni apolisi.

Izi sizitheka pa foni ya mphindi ziwiri yofunsa ngati ndalama yafika. Pitani mukagone kumeneko, mufunse mukusenda nawo chinangwa cha kondowole. Koma mukaona kuti akukana chakudya, akuwonda, akuiwalaiwala, mtima ukuthamanga usiku, kapena akunena kuti bola kungofa, musadikire. Apititseni kuchipatala cha boma pa Nkhotakota, akayezedwe BP ndi shuga, ndipo mupemphe kuonana ndi namwino woona za matenda a maganizo.