"Wa m'botolo si mowa"

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti amuna awo anawapeza ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B ndipo chiwindi chayamba kale kuchita zipsera. Kachasu asiya, koma Loweruka amamwa mabotolo awiri, ati wa m'botolo ndi wopepuka. Akufunsa ngati pali vuto.

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu amenewo ndinawamvapo kwa malume anga. Anali mphunzitsi wopuma, katswiri pa bawo, munthu wa tayi ngakhale popita kumunda. "Mphwanga," ankatero, "kachasu ndi wa anthu osapita kusukulu, ine ndimamwa wa ku fakitale." Ife tinkaseka. Kenako mimba inayamba kutupa ngati ya mayi woyembekezera, manja akuonda, maso ali chikasu. Pamudzi nkhani inapsa msanga: alodzedwa, ndipo wolodzayo ndi uja analimbana naye malire a munda. Mbuzi ziwiri zinapita kwa sing'anga. Anamwa mizu yowawa miyezi itatu, botolo la Loweruka osalisiya. Mpaka lero banja lathu ndi banja lija sitilonjerana, pamene bambo aja sanalakwe chilichonse. Zimenezi zimandiwawa kuposa mbuzizo.

Usiku wina malume anasanza magazi odzaza beseni. Kuchipatala namwino wina, yemwe anali atatopa koma woleza mtima, ndiye anandikhazika pansi. Chiwindi chikauma ndi zipsera, magazi ochokera m'matumbo amavutika kudutsamo, ndiye amabwerera n'kutupitsa mitsempha ya kummero ndi m'mimba. Tsiku lina mtsempha umaphulika. Likodzo la m'matumbo nalo limabweretsa zomwezo, anthu a m'mbali mwa nyanja ndi ku Chigwa cha Shire amazidziwa.

Apa ndinene mosabisa, ndipo amene akwiye akwiye. Anzawo omwera limodzi aja amene amati "kamodzi sikapha" si abwenzi. Pa maliro a malume anabwera, anakumba manda, madzulo ake anali pomwe paja akumwa. Ndiponso ndatopa ndi ogulitsa mabotolo a "zotsuka chiwindi" m'ma minibasi. Chiwindi si mbale. Zitsamba zina zimachipweteka kumene.

Za matumbo

Ichi ndi chimene ambiri sachidziwa, nanenso ndinachimva mochedwa. Mowa usanafike kuchiwindi umayamba wapweteka matumbo. M'matumbo mumakhala tizilombo tambirimbiri, ndipo khoma lake limatitsekereza kuti tisalowe m'magazi. Mowa umafooketsa khomalo, limayamba kudontha ngati denga la udzu wakale, komanso umachulukitsa tizilombo toipa. Poizoni wa tizilomboto amayenda mumtsempha waukulu wopita kuchiwindi, chiwindi n'kutupa, zipsera n'kuonjezekera. Pomwepo chiwindicho chikulimbana ndi mowa weniweniwo, umene pougaya umasanduka acetaldehyde, poizoni wowononga maselo ake. Kachilombo ka Hepatitis B kakudyanso mbali yake, ndipo mowa ukakumana nako ngozi ya khansa ya chiwindi imakwera. Masabata omaliza malume ankagona masana, usiku n'kumayankhula zosamveka, abale n'kumati ndi mizimu. Anali poizoni wotchedwa ammonia wochokera m'matumbo, amene chiwindi chinalephera kuchotsa, atafika kuubongo.

Ndiye mayi, vuto lilipo. Chiwindi sichiwerenga zolembedwa pa botolo. Kaya ndi kachasu, masese, Chibuku, vinyo kapena wa m'botolo, chimene chili m'katimo ndi chimodzi, ndipo pa chiwindi cha zipsera palibe mlingo wabwino. Ngakhale thobwa logonera masiku angapo limayamba kusasa n'kukhala mowa. Ngati bambowo amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku mobisa, asasiye okha mwadzidzidzi, akhoza kunjenjemera ndi kukomoka. Auzeni adokotala zoona awathandize kusiya. Brufen ndi aspirin apewe, Panado afunse kaye mlingo wake. Akawapatsa tenofovir, mankhwala a Hepatitis B, asadumphitse. Mtedza wa chuku ndi chimanga cha chuku mutaye. Chimbudzi chikada ngati phula kapena akasanza magazi, thamangani kuchipatala usiku womwewo. Inuyo ndi ana mukayezetse, makamaka obadwa 2002 isanafike, chifukwa katemera wa Hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno m'chaka chimenecho.