Mwana wamaliza LA wa paokala koma thupi likadatentha

Achemwali, mwati munagula LA, mankhwala a malungo aja, paokala ina kwanu ku Area 25 chifukwa mzere wa kuchipatala unali wautali, mwana wamwa masiku atatu onse koma thupi likadali moto, ndiye mukufunsa ngati mankhwalawo anali achinyengo ndi mmene munthu angawazindikirire. Ndaona ena akukuuzani kuti muonjezere Fansidar. Chonde musatero.

Tiyambe ndi mwanayo. Pitani naye kuchipatala lero lomwe, mutenge buku lake ndi kapepala komwe munali mapilitsi aja, ngakhale katha. Ngati akukomoka, akusanza chilichonse, akukana kumwa kapena kuyamwa, akubanika, kapena zikhato zake zayera, musadikire kuti kuche, pezani galimoto usiku womwewo. Mukafika muwauze adokotala mosabisa kuti wamwa kale LA wogula. Angakukalipireni pang'ono, pirirani. Ayenera kudziwa, chifukwa kachipangizo koyezera malungo pachala kaja kamatha kumasonyezabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira, ndiye nthawi zina amafuna kuona magaziwo pa maikulosikopu.

Simunanene ngati mwanayo anayezedwa musanagule mankhwala. Ngati sanayezedwe, mwina LA uja alibe mlandu. Chibayo, matenda a m'khutu, zilonda za pakhosi, zonsezi zimatenthetsa thupi, ndipo LA sazikhudza n'komwe. Komanso mlingo wa LA umatengera sikelo: mwana wosafika makilogalamu 15 amamwa pilitsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, kuyambira 35 anayi, ndipo amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, atadya chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Wapaokala uja anamukweza pasikelo mwana wanu?

Tsono pa funso lanu lenileni. Ine ndimagwira ntchito m'famase ina muno mu Lilongwe, mabokosi a mankhwala ndimawagwira tsiku ndi tsiku, koma ndikuuzeni zoona: ndi maso okha sindingalumbire kuti pilitsi ili ndi lenileni. Opanga zachinyengo amakopera bokosi, mtundu, ngakhale kachizindikiro konyezimira. Chomwe chimaulula ndi labotale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, pa mankhwala 10 aliwonse amodzi amakhala achinyengo kapena osafika pamlingo woyenera. Ndipo a malungo ndi maantibayotiki ndi omwe amapezeka kwambiri m'gulu limeneli, chifukwa ndi omwe amayenda malonda.

Anthu timangoti "achinyengo" koma m'thumba limeneli muli zinthu zosiyana. Alipo opangidwa dala mwabodza, mkati muli ufa chabe kapena kamankhwala kochepa kongoziziritsa thupi tsiku limodzi. Alipo ochokera kufakitale yeniyeni koma opangidwa mosasamala. Kumbukirani za ku Gambia mu 2022, komwe ana oposa 60 anamwalira impso zitaonongeka atamwa mankhwala a madzi a chifuwa ochokera ku India, omwe munapezeka diethylene glycol, poizoni. Ndiye pali gulu lomwe ine ndimaliona kwambiri kuno kwathu: mankhwala enieni ndithu, koma ophedwa ndi kasungidwe. Pabokosi la LA amalemba kuti asasungidwe potentha kuposa madigiri 30. Taganizirani kaokala ka malata mwezi wa Okutobala masana, kapena beseni la venda lomwe lakhala padzuwa kudepoti kuyambira mmawa, makapusozi osakanikirana ngati maswiti, ogula n'kumangoti "mundipatse ofiira ndi achikasu awiri." Ena mwa mankhwalawa anabedwa m'zipatala za boma, ena anadutsa tsiku lake n'kuchotsedwa m'mabokosi kuti musaone. Ndiye kuti mukugula zomwe zinali zanu kale zaulere, zitaonongekanso.

Kuyang'ana kumathandizako ndithu. Onani ngati tsiku lotha mphamvu ndi nambala ya batch (nambala ya mankhwala omwe anapangidwira pamodzi kufakitale) zapabokosi zikufanana ndi zapakapepala ka mkati. Onani zilembo zolakwika, zofufutika, kapena pomwe amata kapepala kena pamwamba pa deti. Pilitsi lofumbutuka, losintha mtundu, lonyowa kapena lomatirira, lisiyeni. Mtengo wotsika modabwitsa nawonso uzikukayikitsani. Koma zonsezi zimangogwira akuba aulesi okha. Chitetezo chenicheni ndi komwe mwatenga mankhwalawo. Ku Malawi kuno amene amalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, omwe analowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board ndi lamulo la 2019. Famase yovomerezeka imapachika chiphaso chake pakhoma, imagula kwa ogulitsa odziwika, ndipo batch ina ikapezeka yoipa imatha kutsatidwa n'kuchotsedwa pashelefu. Funsani chiphasocho, si chipongwe ayi. Pemphaninso lisiti. Venda alibe zonsezi, mawa mukapita mupeza wasamukira ku Mchesi.

Za mzere ndikukumvetsani, inenso ndine kholo. Kufika mbandakucha n'kutuluka dzuwa litapendeka, nthawi zina n'kuuzidwa kuti mankhwala ena atha mukagule, zimapweteka. Zikatero pemphani akulembereni dzina ndi mlingo m'buku, mupite nalo kufamase ya chiphaso. Koma kuyezetsa malungo ndi LA m'chipatala cha boma n'zaulere.

China chomwe chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti mankhwala ofooka sapha tizilombo tonse, amasiya tolimba tija kuti tichulukane. Akuluakulu m'gulu muno akukumbuka chloroquine. Malawi inamusiya mu 1993 atasiya kugwira ntchito, tinalowa Fansidar, nayenso mu 2007 anapereka malo kwa LA. N'chifukwa chake ndati musaonjezere Fansidar uja, pano ntchito yake yaikulu ndi yoteteza amayi oyembekezera kusikelo. Ku Rwanda ndi ku Uganda apeza kale tizilombo ta malungo tomwe tayamba kuchedwa kufa ndi mankhwala a gulu la LA. Uku si kutali ayi.

Kapepala kaja musataye. Ajambuleni pafoni mbali zonse ziwiri kuti nambala ya batch ioneke bwino, musonyeze wa kufamase ya pachipatalapo, ndipo mumuuze komwe munagula kuti akadziwitse a PMRA. Mukabwerako mutiuze mmene mwana wagonera.