Kodi anthu amagwirizana ndi malamulo ochepetsa utsi wa ndege?

Achimwene, mwafunsa ngati anthu wamba amavomerezadi malamulo ochepetsa utsi wa ndege. Zimatengera kuti lamulolo likupisa m'thumba mwa ndani.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a ndege ikapsa imatulutsa makilogalamu 3.16 a mpweya wa kaboni, koma okwera ndege pafupipafupi ndi ochepa zedi. Ku UK, anthu 15 pa 100 alionse ndi amene amayenda maulendo 70 mwa maulendo 100. N'chifukwa chake msonkho wokwera potengera kuchuluka kwa maulendo umakomera ambiri: ulendo woyamba pachaka sulipira kanthu kapena ulipira pang'ono, wachiwiri akuwonjezera, ukamafika wachisanu wamva kuwawa. Ambiri mwa nzika 108 za mu Climate Assembly UK, msonkhano wa anthu wamba okambirana za kusintha kwa nyengo, adagwirizana ndi ganizo lotere mu 2020. Pomwe pamavuta ndi powerenga maulendowo. Boma liyenera kusunga kaundula wa mapasipoti ndi matikiti, ndipo si onse amene amafuna kuti boma lizidziwa kulikonse kumene apita.

Ku Switzerland zidalephereka pa riferendamu ya mu June 2021, pomwe ovota 51.6 peresenti adakana lamulo lomwe likadaika msonkho wa mafranc (ndalama ya m'dzikolo) 30 mpaka 120 pa tikiti. Adalakwitsa pomanga zonse mtolo umodzi. M'lamulo lomwelo mudalinso kukweza mtengo wa petulo, ndiye anthu a kumidzi odalira galimoto adalikankhira kutali.

Za ku France zimatchuka kuposa kukula kwake. Nzika 150 za mu msonkhano wa anthu wamba wokambirana za nyengo zidapempha kuti ndege ziletsedwe paliponse pomwe sitima ya pamtunda imafika pasanathe maola 4. Boma ndi aphungu adadula mpaka maola awiri ndi theka, ndipo lamulo litayamba kugwira ntchito mu May 2023 lidakhudza njira zitatu zokha: kuchokera pa bwalo la Paris-Orly kupita ku Bordeaux, Nantes ndi Lyon. Kunena zoona, utsi womwe udachepa pamenepa ndi wapang'ono kwambiri, poti wambiri umachokera ku maulendo ataliatali omwe sitima singalowe m'malo mwake.

Mafuta osakaniza, omwe sakumbidwa pansi koma amathiridwa m'mafuta wamba a ndege kuti utsi wa kaboni uchepe, ndiwo sakangana nawo anthu, chifukwa mtengo wake umabisala m'tikiti. European Union idalamula kuti akhale 2 peresenti ya mafuta onse a ndege mu 2025, 6 peresenti mu 2030 ndi 70 peresenti mu 2050. Ambiri amapangidwa kuchokera ku mafuta ophikira ogwiritsidwa kale ntchito, omwe sangakwanire ndege zonse, ndipo mtengo wake umaposa kawiri wa mafuta wamba a ndege.